Chipinda Chikasanduka Utoto

Ku New York, m'nyumba yoonetsera zaluso ya Museum of Modern Art, muli chithunzi chimene Henri Matisse anajambula mu 1911. N'chachikulu ndithu: m'mbali chimapitirira mamita awiri, ndipo msinkhu wake ndi wa munthu wamtali. Amachitcha The Red Studio, ndipo chimasonyeza chipinda chimene mkuluyu ankagwiriramo ntchito ku Issy-les-Moulineaux, kunja pang'ono kwa mzinda wa Paris. Khoma n'lofiira. Pansi n'pofiira. Tebulo, mpando, kabati, zonse psuu, kufiira kumodzimodzi konga kwa njerwa yopsa bwino. Kuti udziwe kuti apa pali mpando, umatsatira timizere topyapyala toyererako. Ukasendera pafupi umapeza kuti timizereto sanachite kutilemba pamwamba ayi. Ndi mipata imene anasiya pamene ankapaka utoto wofiirawo, ndiye chimene chikusuzumira m'mipatamo ndi utoto wakale wapansi. Chapakati paima wotchi yaitali, koma ilibe mivi. Pamene makoma awiri akanakumana kupanga ngodya, mzere palibe. Zimene zatsala ndi mitundu yake ndi zithunzi zake zopachika ndi zotsamiritsa kukhoma, tiziboliboli, mbale yokongoletsa, kabokosi ka makrayoni ndi tambula yopanda kanthu. Zonsezi zimaoneka ngati zikuyandama padziwe.

Makoma a chipinda chenichenicho sanali ofiira. Ngakhale pachinsalu pomwepo sanayambe ali ofiira. Akatswiri osamalira zithunzi atachiunika ndi makina pokonzekera chionetsero cha mu 2022, anapeza kuti Matisse anali atajambula kale chipinda chonse, khoma la buluu, pansi pa pinki, mipando yachikasu chodera, kenako n'kubwerera kudzakwirira gawo lalikulu la ntchitoyo ndi mtundu umodzi. Sergei Shchukin, mponda matiki wa ku Moscow amene ankagula zithunzi za Matisse mosaumira, pa chimenechi anapukusa mutu. Chinakhala zaka 16 chopanda wochigula, mpaka mu 1927 pamene chinakapachikidwa m'kalabu ina yausiku ku London yotchedwa Gargoyle. M'nyumba imene chili lero chinalowamo mu 1949.

Ndayambira dala pa chithunzi chakale chonchi, ngakhale nkhani yathu ndi ya ojambula a masiku ano, chifukwa funso limene iwo akulimbana nalo linabadwira pomwepa. Chipinda ukachichotsa ngodya, n'kuchichotsa mthunzi, n'kuchichotsa kulemera kwa katundu, chimatsala n'chiyani? Nanga munthu wamutu wake angavutikirenji ndi zimenezi, pamene kamera ya pafoni ingamujambulire pabalaza pake mmene palili asanaphethire n'komwe?

Kajambulidwe kotere kamatchedwa abstract, ndipo tanthauzo lake si lovuta monga mmene ena amaliopsezera. Ndi kujambula kosalimbana ndi kufanizira chinthu mmene maso amachionera. Wojambula amatenga mtundu, mzere ndi kukula kwa malo, n'kuzipatsa mphamvu kuposa chinthu chimene akujambulacho. Ena amapita nazo patali mpaka pachinsalu osatsala kalikonse kamene ungakatchule dzina. Koma ojambula zipinda ambiri amaima pakatikati: chitseko chimaoneka kuti ndi chitseko, ukayang'ananso chasanduka chibanthu chobiriwira, ukabwerera m'mbuyo chakhalanso chitseko. Pakatikati pamenepo ndiye pagona nkhani.

Kwa zaka mazana ambiri ojambula a ku Ulaya ankatenga chipinda ngati bwalo loonetsera ukatswiri wonamiza maso. Mu 1435 Leon Battista Alberti wa ku Italy analemba buku lofotokoza mmene mizere yonse yolowera mkati iyenera kukakumanirana pa kadontho kamodzi, kuti chinthu chafulati chioneke ngati zenera lotsegula. Patapita zaka zoposa 200, ku Delft m'dziko la Netherlands, Johannes Vermeer ndi Pieter de Hooch anafika nalo pachimake lusoli: matailosi a pansi akucheperachepera kulowera kutali, chitseko chotsegukira m'chipinda china, kuwala kogwera kuchokera pazenera la kumanzere. Ukaona umafuna kupukuta mapazi n'kulowa. Kenako mu 1839 luso lojambula ndi kamera linalengezedwa ku Paris, ndipo ntchito yofanizira inapeza mwini wake wina, amene m'kupita kwa zaka anakhala wachangu ndi wotchipa. Sikuti kamera yokha ndiyo inasintha zonse, koma inasiyira ojambula funso lakuti utoto ungachite chiyani chimene makinawo sangathe.

Apa chipinda chili ndi mwayi umene phiri kapena nkhope ya munthu zilibe. Chinsalu chojambulapo n'chamakona anayi. Khoma nalo n'lamakona anayi, chimodzimodzinso chitseko, zenera, galasi, kapeti, kalendala. Wojambula akangochotsa mthunzi, khoma la m'chithunzi ndi nkhope ya chinsalu zimasanduka chinthu chimodzi. Aliyense amene anasamukapo m'nyumba ya lendi anazionapo zimenezi ndi maso ake. Katundu yense ali pa lole, iwe wabwerera kukasesa komaliza, ndipo pakhoma pali zigamba zowala: apa panali kalendala, apa chithunzi cha ukwati, apo pamene kabati inatsamira zaka zisanu penti akadali watsopano, ndipo pamwamba pa malo a shelefu pali banga lakuda la mwaye wa kandulo, chizindikiro cha mausiku onse amene magetsi anazima. M'chipindamo mulibe kanthu, koma moyo wa banja lonse walembedwa pakhoma ndi mitundu ndi makona basi. Mwini nyumba akubwera kudzalandira makiyi aona khoma lothimbirira lofunika laimu. Iwe waima duu, tsache lili m'manja. Zithunzi zabwino za mtundu umenewu zimafuna kukufikitsa pamene waima ndi tsachepo, ngakhale nyumbayo sunagonemo.

Njira zofikira pamenepo zinatseguka ziwiri chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo zonse zikuyendedwabe. Ina ndi yodzaza. Édouard Vuillard wa ku Paris anakulira m'nyumba imene mayi ake ankasokeramo zovala, pakati pa nsalu ndi zidutswa zake, ndipo anakhala nawo mayiwo mpaka pamene anamwalira mu 1928. M'kachithunzi kake ka mu 1893 mayiwo akhala pampando atavala zakuda, manja pamaondo, nganganga ngati mwala. Mlongo wake wa Vuillard wawerama chakukhoma, ndipo mawangamawanga a diresi lake akusakanikirana ndi a pepala lomata kukhomalo mpaka kusowa pamene munthu wathera. Palibe wakuuza kuti m'nyumbamo wolamula ndani, koma wadziwa kale. Njira inayo ndi yokhuthula. Vilhelm Hammershøi anajambula mobwerezabwereza zipinda za nyumba yake ku Strandgade 30 mumzinda wa Copenhagen, ndi utoto wotuwa ngati phulusa, zitseko zoyera, pena mkazi wake Ida atatifulatira, pena popanda munthu. Chithunzi chake chotchuka cha mu 1900 chilibe mpando ngakhale umodzi. Muli zenera, chitseko, ndi kuwala kwa dzuwa kodutsa m'fumbi n'kukagwa pansi.

Matisse anayenda njira zonse ziwiri. Mu 1905, ali ku Collioure kum'mwera kwa France, anajambula zenera lotsegula likuonetsa maluwa ndi maboti panyanja. Mu 1914, nkhondo yoyamba ya padziko lonse itangobuka, anajambulanso zenera m'tauni yomweyo. Ulendo uno pakati ponse anapakapo utoto wakuda bii, m'mbali n'kusiya zibanthu zoimirira za buluu, zotuwa ndi zobiriwira. Chithunzichi sichinaonetsedwe iye ali moyo. Anthu anachiona koyamba mu 1966, ndipo mmodzi mwa amene anachiona ku Los Angeles chaka chimenecho anali Richard Diebenkorn, amene anali atapita kale ku Leningrad mu 1964 kukaona zithunzi za Matisse zimene Shchukin uja anasonkhanitsa. Kuyambira mu 1967, kwa zaka pafupifupi 20, Diebenkorn anajambula zithunzi zoposa 140 zotchedwa Ocean Park, dzina la dera la ku Santa Monica kumene kunali situdiyo yake. Mulibe mpando, mulibe munthu. Muli zibanthu za mitundu yofatsa ndi mizere yolembedwa, kufufutidwa, n'kulembedwanso pambali pang'ono, yakaleyo ikuonekerabe pansi. Ena amati ndi gombe ndi misewu mmene zimaonekera uli m'mwamba. Ine ndikaziona ndimadzimva kuti ndili mkati, pafupi ndi zenera, dzuwa litapendeka.

Wojambula Mark Rothko naye anaphunzira pa chipinda chofiira chija. Chitapachikidwa ku New York ankapita kukachiyang'ana mobwerezabwereza, ndipo chimodzi mwa zithunzi zake anachipatsa dzina lolemekeza Matisse. Koma iyeyu funso analitembenuza. M'malo mojambula chipinda, anafuna kuti zithunzi zakezo zikhale makoma. Mu 1958 anapatsidwa ntchito yokongoletsa lesitilanti yodula ya Four Seasons m'nyumba ya Seagram ku New York. Anajambula zinsalu zikuluzikulu zofiira moderako ndi zakuda, zokhala ndi maonekedwe a zitseko ndi mazenera osatseguka, ndipo mwiniwakeyo ankatchula chipinda cholowera ku laibulale ya Laurentian ku Florence, chimene Michelangelo anachipanga ndi mazenera otsekedwa ndi miyala. Pamapeto pake anabweza ndalama, zithunzi osapereka. Zisanu ndi zinayi mwa izo anazipatsa nyumba yoonetsera zaluso ya Tate ku London, ndipo zinafika kumeneko pa 25 February 1970, tsiku limene iye anadzipha.

Dzina limene limaiwalika kawirikawiri pa nkhaniyi ndi la Maria Helena Vieira da Silva, wobadwira ku Lisbon mu 1908, amene anakhala zaka zambiri ku Paris. Akanandifunsa kuti ndani anatenga chipinda n'kuchisandutsa ntchito ya moyo wake wonse, ndikanatchula mayiyu. Lisbon ndi mzinda wa matailosi, ndipo mu 1935 iye anajambula chipinda chimene khoma, pansi ndi denga zonse ndi timatailosi ta mitundumitundu, mizere yake yokhota pang'ono mwakuti chipindacho chimaoneka ngati chikupuma. Lamulo la Alberti lija sanalitaye, anangolipotokola. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itavuta, iye ndi mwamuna wake Árpád Szenes, Myuda wa ku Hungary, anathawira ku Brazil mu 1940, n'kudzabwerera ku Paris mu 1947. Zimene anajambula pambuyo pake, monga The Corridor cha mu 1950, ndi tinjira ta m'nyumba ndi malaibulale amene amakukokera mkati osakuonetsa potulukira.

Howard Hodgkin wa ku Britain, amene analandira mphoto ya Turner mu 1985 ndipo anamwalira mu 2017, ankakanitsitsa kutchedwa wojambula wa abstract. Ankati zimene amajambula n'zenizeni, kungoti ndi zimene mtima unamva pa nthawi inayake. Mitu ya zithunzi zake ndi ya chakudya chamadzulo kwa anzake, macheza a m'chipinda, kutsanzikana. Dinner at Smith Square anachiyamba mu 1975 n'kuchimaliza mu 1979, ndipo madontho ndi mikwasa ya burashi zatsala pang'ono kukwirira anthu ndi tebulo lomwe. Ankajambula pathabwa, utoto n'kusefukira mpaka pafelemu. Zaka zinayi pa mgonero! Ndiye kuti chimene ankasaka sichinali maonekedwe a mbale.

Tsopano tibwere kwa amoyo. Amene ndimaona kuti walifikitsa patali funsoli ndi Hurvin Anderson, wobadwa mu 1965 ku Birmingham kwa makolo ochokera ku Jamaica. Anthu a ku Caribbean amene anafika ku Britain m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 ankasowa kometetsa, chifukwa ometa achizungu ambiri sankafuna kapena sankadziwa kumeta tsitsi la munthu wakuda. Ndiye ena anatsegula mababashopu m'nyumba zawo. Bambo ake a Anderson ankametetsa kwa munthu wina dzina lake Peter, m'kachipinda ka pamwamba penipeni pa nyumba, kunsi kwa denga. Anderson anakajambula kachipindako ndi kamera, ndipo pa zithunzi zimenezo panachokera mndandanda wa zojambula wotchedwa Peter's Series, wa pakati pa 2007 ndi 2009.

Ukaziika motsatizana umaona chipinda chikuvulidwa. Kwina muli katundu: mipando, tebulo la zometera, galasi, tizinthu ta m'nyumba. Kwina katunduyo wayamba kuchoka mmodzimmodzi. Potsiriza pamatsala makoma a buluu wowala, oima ngati bokosi, ndipo m'zina muli mwamuna mmodzi wokhala pampando, watifulatira, nsalu paphewa, khosi lowerama kudikira lumo. Buluu ameneyo ndi wa penti wa m'nyumba, koma n'kovuta kumuyang'ana osakumbukira nyanja imene makolo ake anaisiya. Nkhope ya wometedwayo sitiiona. Wometa naye kulibe.

Achotseranji zonsezi? Babashopu yotere inali malo amene anthu okhala m'dziko la eni ankamasukirako, kukamba za ndale, za masewera ndi za kumudzi m'kalankhulidwe kawo, popanda wowayang'ana ndi diso lachilendo. Ukajambula botolo lililonse ndi chipeso chilichonse, woonera amasanduka mlendo wosuzumira m'nyumba ya anthu, kuwerenga zimene ali nazo ndi zimene alibe. Anderson amatseka khomo limenelo. Amatipatsa kukula kwa chipinda, mtundu wake, ndi kudekha kwa munthu amene wapereka khosi lake kwa mnzake wogwira lumo. Zotsalazo ndi za eni ake.

M'zojambula zake zina za babashopu, monga Jersey cha mu 2008 chimene chili ku Tate, mapepala omata kukhoma asanduka timakona ta mitundu topanda nkhope, ndipo magalasi akubwezerana chipinda mpaka kusokoneza kuti khoma lenileni ndi liti. Mu 2016 anabwezeretsako nkhope zina: pakhoma la chithunzi chotchedwa Is It OK to Be Black? pakuoneka Martin Luther King ndi Malcolm X, pakati pa timakona tina tosazindikirika bwino. Chaka chotsatira anali m'gulu la opikisana pa mphoto ya Turner, ndipo mu 2023 nyumba ya Hepworth Wakefield inasonkhanitsa pamodzi zojambula zake za malo ometera. Ndi zaka zoposa 15 munthu akubwererabwerera pakhomo la babashopu.

Kerry James Marshall wa ku Chicago anachita zina: sanatulutse katundu, anangozimitsa nyale. Chithunzi chake Black Painting, chimene anachimaliza mu 2006 ndipo chili ku Blanton Museum ku Texas, ukachiona koyamba ndi chinsalu chakuda basi, chonga zija zimene Ad Reinhardt ankajambula m'zaka za m'ma 1960. Koma paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukaima kanthawi maso amazolowera mdima, ndipo mumayamba kutuluka bedi, anthu awiri ogonapo, mbendera ya gulu la Black Panther kukhoma, buku pakatebulo ka pambali. Nkhani yake ndi ya Fred Hampton, mtsogoleri wa gululo ku Illinois, amene apolisi anamuwombera ali pabedi m'bandakucha wa pa 4 December 1969. Anali ndi zaka 21, ndipo bwenzi lake loyembekezera linali litagona pambali pake. Chimene Marshall watiimika kutsogolo kwake ndi bata la chitseko chisanathyoledwe. Kuda kwa chinsaluchi ndi usiku, ndi khungu la anthu ogonawo, komanso ndi yankho kwa amene ankati chithunzi chakuda sichiyenera kunena za munthu aliyense. Pafoni chimangooneka ngati sikirini yazima.

Ku Germany, Matthias Weischer, wobadwa mu 1973 ndipo anaphunzira ku Leipzig, anatchuka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndi zipinda zongopeka zopanda anthu: mapepala achikale a kukhoma, nyale, mpando wotha, ngodya yokana kukumana, nthawi zina denga kulibe. Utoto amaunjika mochindikala mwakuti khoma la m'chithunzi limakhala ndi thupi ngati pulasitala. Luso lilipo lochuluka, koma kunena zoona zambiri sizindigwira mtima. Zimandikumbutsa siteji sewero litatha.

Njira yodzaza ya Vuillard ija yapeza mwini watsopano mwa Njideka Akunyili Crosby, wobadwira ku Enugu ku Nigeria mu 1983, amene anapita ku America ali ndi zaka 16 ndipo amakhala ku Los Angeles. Anthu a m'zithunzi zake amaoneka bwinobwino, choncho ena angakane kumuika m'gulu lino. Koma taonani makoma ndi pansi. Amatenga zithunzi za m'magazini a ku Nigeria, za m'maalubamu a banja, za oimba ndi andale, n'kuzinyowetsa ndi mankhwala a acetone, kuzitikita mpaka inki itasamukira papepala lake. Uli patali, khoma limaoneka ngati chitenje cha mawanga. Ukayandikira ndi nkhope zosawerengeka. Mpando ungakhale wa ku America, nyali ya palafini ili patebulo n'kukhala ya kwawo, ndipo pansi pamapendekeka mosamvera lamulo la kadontho kamodzi lija. Chipinda chimodzi chili m'mayiko awiri, monga mwini wake.

Billie Zangewa, wobadwira ku Blantyre mu 1973 ndipo amakhala ku Johannesburg, sagwira burashi. Amadula nsalu za silika n'kusoka pamanja. Nkhani zake ndi za m'nyumba: kukhitchini, pasofa ndi buku, mayi ndi mwana wake. Chimene chimamulowetsa m'nkhani ino ndi m'mphepete mwa ntchito zake. Zambiri sizikhala zamakona anayi okwanira. Pena ngodya yadulidwa, pena chigamba chonse chikusowa, ndipo pamene pakanakhala khoma la chipinda chake pakuoneka khoma lenileni la nyumba yoonetseramo. Kuwala kwa pamphumi kapena kwa pachitseko cha kabati ndi kachidutswa ka nsalu ka mtundu umodzi, kosokedwa pambali pa kanzake. Telala aliyense angazindikire mmene zapangidwira, mwinanso angafulumire kumvetsa kuposa wophunzira mbiri ya zaluso.

Panali nthawi imene kuima pakatikati chonchi kunkaoneka ngati mantha. Clement Greenberg, wolemba za zaluso wa ku New York amene mawu ake ankalemera kwambiri m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ankaphunzitsa kuti tsogolo la kujambula lili m'kuvomereza kuti chinsalu n'chafulati, osanamizira kuti muli malo olowamo. Kwa omutsatira, chitseko m'chithunzi chinali kubwerera m'mbuyo. Ojambula a lero malire amenewo sawalabadira, ndipo ndikuona kuti akulondola, chifukwa diso la munthu silimva lamulo. Tengani pepala loyera, mulembe mzere woimirira kuchokera pamwamba mpaka chapakati, kenako kuchokera pamene wathera mulembe iwiri yotsetserekera kumanzere ndi kumanja. Mizere itatu yokha, koma mwamanga kale ngodya ya chipinda, ndipo simungathenso kuiona ngati mizere wamba. Tinabadwira m'zipinda, timagona m'zipinda, ndiye thupi limazindikira pansi ndi khoma mutu usanaganize. Wojambula Francis Bacon ankazidziwa zimenezi. Timizere tochepa tozungulira munthu wokhala pampando tinkamukwanira kuti amutsekere m'khola.

Pali mbali ina imene okonda zithunzizi sakonda kuikamba. Chithunzi cha chipinda chokongola chimagulidwa kuti chikapachikidwe m'chipinda chokongola. Matisse mwiniwakeyo analemba mu 1908 kuti ankalakalaka luso lopumitsa munthu wotopa monga umachitira mpando wandalema, ndipo mawu amenewo akhala akumutsata ngati mlandu. Lero Jonas Wood wa ku Los Angeles amajambula mabalaza odzaza miphika ya maluwa, mashelefu ndi zithunzi, zonse zafulati ndi zowala, ndipo zina zagulidwa pa mamiliyoni a madola. Mu March 2017 chithunzi cha Akunyili Crosby chinagulidwa pa mapaundi 2.5 miliyoni kumsika wa Christie's ku London. Msika ukanunkhira ndalama chonchi, otsanzira amabwera ngati ngumbi pa getsi. Ndiye pa Instagram ndi m'makonde a mahotela mwadzaza zipinda za utoto wofatsa: mpando umodzi, mphika wa duwa, khomo lozungulira pamwamba, kadzuwa pakhoma.

Kukongoletsa khoma si tchimo. Amayi a Chindebele ku South Africa akhala akupaka nyumba zawo mizere ndi makona owala, ndipo Esther Mahlangu analitengera luso lomwelo pa galimoto ya BMW mu 1991. Palibe anganene kuti n'zachabe. Vuto la zipinda za m'mahotelazi ndi lina: zachotsa zinthu zimene sizinakhalepo n'kale. Anderson akafufuta tebulo la Peter, tebulolo analidziwa, ndipo malo ake amatsala akulemera. Diebenkorn akafufuta mzere, chipsera chimaoneka. Wotsanzira amayamba ndi chipinda chopanda mwini, ndiye palibe chimene wataya. Kusiyana kwake n'kwa nyumba imene anthu asamukamo ndi nyumba imene sinalowedwepo. Zonse zilibe katundu, koma imodzi yokha ndiyo ili ndi zigamba pakhoma.

Ambiri a ife zithunzi zimenezi tidzazionera pafoni, pamene chinsalu cha mamita awiri chimachepa ngati bokosi la machesi, ndipo utoto wochindikala ndi wopyapyala zimafanana. Ngakhale zili choncho, musathamange nacho chala. Kulitsani chithunzicho, mufufuze pamene pansi pakumana ndi khoma, muone kumene kuwala kukuchokera, kenako mufunse kuti pamalo opanda kanthuwo panali chiyani. Mukachita zimenezi pa The Red Studio, yang'anani chakumanzere. Patsamira chithunzi chachikulu cha pinki cha mkazi wosavala. Chionetsero cha mu 2022 chija chinasonkhanitsa zinthu zenizeni zimene zikuoneka m'chipinda chofiiracho: zithunzi zisanu ndi chimodzi, ziboliboli zitatu ndi mbale imodzi. Chachikulu cha pinkicho sichinabwere. Matisse sanakhutire nacho, ndipo atamwalira chinawonongedwa monga anafunira.